Buku la Mnyamata ndi Agalu Lomwe Lidagawanitsa Awerengi

Anthu awiri akhoza kudya nsima ya m'mbale imodzi, wina n'kumanyambita zala pamene mnzake akudandaula kuti ndiwo zachepa mchere. Ndi mmenenso zimakhalira ndi mabuku. M'kope lino tikufuna tikambirane za buku lina la Chingerezi limene lidatamandidwa kwambiri ku America, komanso lidakwiyitsa ambiri mwa anthu amene adaliwerenga mpaka kumapeto. Tichenjezeretu kuti tiulula mathero ake, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo.

Bukuli dzina lake ndi The Story of Edgar Sawtelle ndipo lidatuluka m'chaka cha 2008. Adalemba ndi David Wroblewski, yemwe adabadwa mu 1959 ndipo adakulira kumudzi m'dera la Wisconsin. Mkuluyu ntchito yake idali yokonza mapulogalamu a kompyuta, ndipo bukuli, lomwe lili ndi masamba opitirira 500, lidali lake loyamba. M'mwezi wa September chaka chomwecho, Oprah Winfrey, mayi wotchuka wa pa wailesi yakanema, adalisankha kuti anthu otsatira pulogalamu yake aliwerenge. Kuyambira pamenepo lidafika m'manja mwa anthu ochuluka zedi, ndipo maganizo adayamba kusiyana.

Nkhani yake ndi ya Edgar, mnyamata wa zaka 14 amene adabadwa wosalankhula ngakhale kuti amamva bwinobwino. Iye amalankhula ndi manja. Makolo ake, a Gar ndi a Trudy, amaweta ndi kuphunzitsa agalu a mtundu wapadera pa famu yawo kumpoto kwa Wisconsin, ndipo galu wina wamkazi dzina lake Almondine adakula naye limodzi kuyambira ali khanda. Mtendere wa pakhomopo udasokonekera atabwera Claude, mng'ono wawo wa a Gar. Tsiku lina a Gar adagwa mwadzidzidzi m'khola la agalu. Edgar adathamangira pa telefoni kuti aitane chithandizo, koma mawu sakadatuluka, ndipo bambo ake adamwalira iye akuona.

Sipadapite nthawi yaitali, Claude adalowa m'nyumba ya malemuwo n'kutenga malo awo. Edgar adazindikira kuti bambo ake aang'onowo ndiwo adapha bambo ake powabaya jakisoni wa poizoni. Mumkwiyo wakewo adachititsa mwangozi imfa ya dokotala wa ziweto, mkulu wosalakwa amene iye adamuyesa Claude, ndipo adathawira m'nkhalango ya Chequamegon pamodzi ndi agalu atatu. Atabwerera kudzafuna umboni adapeza Almondine atafa. Kenaka khola lidagwira moto. Edgar adatulutsa agalu onse, koma Claude adamubaya poizoni yemwe uja, ndipo onse awiri adathera m'kholamo.

Tsono awerengi adati chiyani? Gulu loyamba lidalikonda ndi mtima wonse. Stephen King, mlembi wodziwika wa ku America komweko, adali mmodzi mwa amene adaliyamikira poyera. Anthuwa adakhudzidwa makamaka ndi mitu imene mlembi amafotokoza zinthu monga mmene galu Almondine akuzionera, komanso mmene mwana wosalankhula ndi nyama zosalankhula amamvanirana popanda liwu.

Gulu lachiwiri lidati bukuli n'lotalika mopitirira muyeso. Masamba ambiri amafotokoza kaphunzitsidwe ka agalu, kasankhidwe ka mbewu yawo ndi ulendo wa m'nkhalango, moti munthu wosakonda agalu amatopa asanafike pakati.

Gulu lachitatu, limene lidali ndi phokoso lalikulu, ndi la anthu amene adalikonda bukuli mpaka masamba otsiriza, kenaka n'kumva ngati mlembi wawapusitsa. Funso lawo lidali lakuti: mwana amene wavutika chonchi, wopanda mawu, wopanda bambo, aferenji m'manja mwa munthu yemweyo amene adapha bambo ake?

Amene ankaikira kumbuyo mlembi adayankha kuti njira ya nkhaniyi idalambulidwa kale. Wroblewski adatsatira sewero la Hamlet limene William Shakespeare adalemba cha m'ma 1600. M'sewerolo mfumu iphedwa ndi poizoni ndi mbale wake Claudius, amene atenganso mkazi wake Gertrude, ndipo mwana wa mfumuyo afa pobwezera. Ngakhale maina akuchitira umboni: Claude ndiye Claudius, Trudy ndiye Gertrude. Choncho wodziwa Hamlet ankadziwiratu kuti maliro ali kutsogolo, pamene wosalidziwa ankayembekezera nthano ya mwana ndi agalu ake yotha mokoma. Apa tikuona kuti anthu adasiyana maganizo chifukwa cha zimene aliyense adabwera nazo potsegula bukulo.

Nafenso tili nazo zathu zimene timabwera nazo. Tikudziwa kuti ena mwa inu mwakwinya kale nkhope pongomva za galu wogona m'chipinda chimodzi ndi mwana. N'zoona kuti m'madhihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno kunyanja timatsata, galu ndi najisi yaikulu, ndipo chimene wanyambita chimatsukidwa kasanu n'kawiri, kamodzi mwa maulendowo ndi dothi. Komatu lamulo la ukhondo silitiuza kuti tizichitira nkhanza cholengedwa cha Allah. Surat Al-Kahf imatchula galu amene adali pakhomo la phanga pamodzi ndi anyamata okhulupirira aja, Surat Al-Ma'idah imaloleza nyama yogwidwa ndi agalu ophunzitsidwa kusaka, ndipo hadith ya m'mabuku a Bukhari ndi Muslim imatiuza za munthu amene adakhululukidwa machimo chifukwa chomwetsa madzi galu waludzu. Munthu angawerenge za kukhulupirika kwa Almondine popanda kulowetsa galu m'nyumba mwake. Chimene makolo ayenera kudziwa n'chakuti m'bukuli muli mzimu wa malemu woonekera kwa mwana usiku wamvula, komanso mwamuna ndi mkazi okhalira limodzi popanda ukwati. Choncho si buku lopatsa mwana wamng'ono kuti awerenge yekha.

Nanga ife taima pati pa mkangano wa mathero uja? Tikuwamvetsa amene adakwiya, pakuti mkwiyo wawo ukusonyeza kuti mtima wa munthu umafuna chilungamo. Koma sitikuvomereza kuti mlembi adalakwa. Akuluakulu adati choipa chitsata mwini, ndipo Claude chidamutsatadi. Chimene bukuli likuwonjezera n'chakuti choipacho chisanafike kwa mwini wake chimapsereza ndi osalakwa omwe, makamaka ngati achikulire achedwa kutsegula maso. Mayi ake a Edgar ankamukonda mwana wawo, koma chisoni ndi mantha otaya famu zidawaphimba m'maso, ndipo sadafune kuona zimene mwanayo ankaona. Mnyamatayo adasenza yekha mlandu woposa msinkhu wake, ndipo mkwiyo wopanda woulangiza udaphetsa munthu wosalakwa.

Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Ndani sadamvepo za m'bale amene amaonekera pakhomo maliro asanazizire, maso ali pa bwato, maukonde kapena nyumba ya ana amasiye? Ana oterowo nthawi zambiri amaona zonse, koma safunsidwa kanthu. Ali nalo lilime, komabe pabwalo la akuluakulu amakhala ngati Edgar atagwira telefoni ija.

Mu 2024 Wroblewski adatulutsa buku lachiwiri, Familiaris, lofotokoza za agogo ake a Edgar, ndipo nalonso Oprah Winfrey adalisankha. Amene adzawerenge mabukuwa adzasiyanabe maganizo, ndipo palibe cholakwika, pakuti chokonda mnzako mlekere, mawa udzakonda chako. Pempho lathu ndi limodzi lokha. Ngati pakhomo panu pali mwana amene wangoti zii chimwalirireni kholo lake, musati wazolowera. Muitaneni pambali madzulo ano, mukhale naye pamphasa, mumufunse zimene zili kukhosi kwake, ndipo mudekhe mpaka atayankha.