Tinafuna Windows ndi Linux pa Kompyuta Imodzi, Tinataya Maina a Alimi

Mu ofesi ya parishi yathu m'boma la Katete muli kompyuta imodzi yakale imene tinalandira monga mphatso. Mlembi amalembapo zilengezo za pa Sondo, ndipo akomiti a kopaletivu ya alimi amaibwereka kuti asungemo maina a mamembala, manambala ao a NRC, ndi ndalama zimene aliyense wapereka zogulira feteleza. Mu Okutobala 2025 zonsezi zinafufutika pa tsiku limodzi. Sikunabwere mbala, ndiponso kompyuta sinapse. Tinazifufuta tokha pofuna kuikonza. Talemba nkhaniyi kuti anzathu a m'maparishi ndi m'makopaletivu ena asagwe m'dzenje limene ife tinagwamo.

Mmene zinayambira

Tinamva kuti kampani ya Microsoft idzaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kutanthauza kuti zigamba zaulere zotseka mipata imene mavairasi amalowerapo zidzasiya kubwera. Windows 11 imafuna kacipangizo kochedwa TPM 2.0, ndipo kompyuta yathu ilibe. Ndalama zogulira ina kunalibe.

Mnyamata wina wa mu mphakati wathu, amene anali pa chuti kucokera ku koleji ku Lusaka, anatiuza za Linux. Iyi ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse monga mmene Windows imacitira, koma ndi yaulere. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali pa yunivesite ku Helsinki m'dziko la Finland. Ilipo ya mitundu yambiri. Wina wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinali ndi liu lomwe lija limene kuno timati umunthu.

Mlembi wathu anakana kusiya Windows cifukwa anazolowera Word ndi Excel. Mnyamatayo anati palibe vuto, zonse ziwiri zingakhale pa kompyuta imodzi. Odziwa amacha zimenezi dual boot. Disiki ya m'kati, mmene mumakhala zonse zosungidwa, imagawidwa monga mmene mlimi amagawira munda, cimanga uku, nshawa uko. Poyatsa kompyuta pamabwera kamndandanda kochedwa GRUB, ndipo munthu amasankha imene afuna kulowamo. Sizigwira nchito pamodzi. Kuti mulowe mu inayo muyenera kuzima ndi kuyatsanso.

Tinavomera, ndipo pa Ciweru masana mnyamata uja anayamba nchito. Palibe mmodzi wa ife amene anafunsa kuti, "Kodi zimene zili m'katimo mwazikopa?"

Funso limene linatigwetsa

Poika Ubuntu, pulogalamuyo imafunsa m'Cizungu mmene mufuna kuikira. Mzere wina umati "Install Ubuntu alongside Windows", ndiko kuti ikani pambali pa Windows. Wina umati "Erase disk and install Ubuntu", ndiko kuti fufutani disiki yonse. Pa kompyuta yathu mzere woyamba uja sunaoneke. Mnyamatayo anaganiza kuti waciwiriwo udzafufuta cabe malo opanda kanthu, ndipo anausankha. Pofika madzulo Ubuntu inali kuyenda bwino, koma Windows, zilengezo ndi mndandanda wa alimi oposa 100 zinali zitapita.

Cimene cinatipulumutsa ndi buku lakale la msungicuma ndi malisiti amene alimi anasunga. Akomiti anayenda pa njinga m'midzi kwa masabata awiri kulembanso maina. Amai ena amasiye anataya lisiti yao, ndipo dzina lao silinali m'buku cifukwa analipira mocedwa. Anakhala pa msonkhano ali cete, misozi ili m'maso, mpaka anthu atatu anacita umboni kuti anawaona akupereka ndalamazo. Pakanapanda mbonizo akanalima caka cimeneco opanda feteleza.

Mnyamatayo sitimuimba mlandu. Anabwera kudzathandiza, ndipo akulu amene tinamupatsa makiyi a ofesi osafunsa kanthu ndife. Safunsa anadya phula.

Cifukwa cake mzere wa Windows umabisika

Titapita ndi kompyutayo kwa wokonza ku Chipata, anatifotokozera kuti mzere uja ukapanda kuoneka, ndiye kuti pulogalamu yoika Linux siinaione bwino Windows, ndipo munthu ayenera kuimira pomwepo. Zimene zimacititsa n'zingapo.

Coyamba, Windows ili ndi njira yochedwa Fast Startup. Mukaizima siizimiratu, imangogona ndi kusiya disiki ili yokiya. Njirayi iyenera kutsekedwa mu Control Panel, pa Power Options, musanayambe.

Caciwiri, makompyuta amayaka m'njira ziwiri, yakale ya BIOS ndi yatsopano ya UEFI. Ngati Windows inaikidwa m'njira imodzi ndipo inu mwayatsa fulashi ya Linux m'njira inayo, ziwirizo sizionana.

Cacitatu, madisiki ogawidwa mwa kale, ochedwa MBR, amalola zigawo zikulu-zikulu 4 cabe. Makompyuta ena amacoka kufakitale zonse 4 zili kale zogwiritsidwa nchito, motero Linux imasowa pokhala.

Cacinai ndi BitLocker, loko imene imabisa zonse za pa disiki. Malaputopu ambiri atsopano amabwera ili yotsekula kale mwini wake osadziwa. Mukasintha kayatsidwe ka kompyuta, Windows ingafunse kiyi ya manambala 48. Kawirikawiri kiyiyo imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya munthu amene anayamba kugwiritsa nchito kompyutayo. Inu amene munagula laputopu ya salaula kapena munacita kupatsidwa, pezani kiyiyo ndi kuilemba pa pepala musanakhudze ciliconse. Popanda iyo, ngakhale wokonza waluso sangakutulutsireni mafailo anu.

Mavuto a kwathu kuno

Pali zina zimene mabuku olembedwa kunja sachula kwambiri. Failo ya Ubuntu 24.04 ndi pafupi-fupi 6 GB, ndipo ya Linux Mint, mtundu wina umene umaoneka mofananako ndi Windows, ndi pafupi-fupi 3 GB. Kuzitenga pa intaneti ya pa foni kumadya bandulo yambiri, ndipo netiweki ikaduka pakati failo ingaonongeke. Ndi bwino kukatengera m'tauni kumene intaneti ndi yolimba.

Failoyo siikidwa pa fulashi monga mmene timaikira nyimbo. Pafunika kapulogalamu monga Rufus, ndi fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Dziwani kuti Rufus imafufuta zonse zimene zili pa fulashiyo. Musagwiritse nchito fulashi yomwe mwasungirapo mafailo anu. Kuti kompyuta iyakire pa fulashi mumakanikiza batani pamene yangoyaka, ndipo bataniyo imasiyana malinga ndi kampani: pa ena ndi F12, pa ena F9, pa ena Esc.

Vuto lina ndi malaiti. Tonse tikumbukira mmene anali kuzimira maola ambiri mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Pamene kompyuta isuntha malire a disiki, malaiti akazima, zonse ziwiri zingaonongeke. Laputopu ikhale yodzaza batire. Kompyuta ya pa tebulo ilumikizidwe ku sola kapena ku batire yodalirika.

Zimene zimabwera pambuyo pake

Ngakhale zonse zitayenda bwino, pali zodabwitsa zina zimene zimaopsa ongoyamba kumene. Nthawi zina kamndandanda ka GRUB kamasowa ndipo kompyuta imangolowa mu Windows. Linux siinafufutike. Kawirikawiri cimene casintha ndi dongosolo la imene iyenera kuyaka coyamba, ndipo limakonzedwa mu UEFI. Mu Ogasiti 2024 cigamba cina ca citetezo ca Windows cinacititsa kuti Linux ikane kuyaka pa makompyuta ena a dual boot m'maiko ambiri, mpaka njira yokonzera inapezeka. Motero fulashi ya Linux ija isungeni, cifukwa ndiyo imathandiza kutulutsa mafailo zinthu zikavuta.

Cina ndi nkoloko. Linux imaika nkoloko ya m'kati mwa kompyuta pa nthawi ya dziko lonse ya UTC, pamene Windows imaiwerenga monga nthawi ya kuno. Zambia ili patsogolo pa UTC ndi maola 2. Motero mukacoka mu Linux ndi kulowa mu Windows pa 10 koloko, mungapeze ionetsa 8 koloko. Kompyuta siinafe, ndipo wodziwa amakonza zimenezi m'mphindi zocepa.

Pulinta ndi Wi-Fi nazonso zingakane. Ubwino wake ndi wakuti fulashi ija imalola kuyesa Linux musanaiike. Sankhani "Try Ubuntu", yesani kupulinta pepala limodzi ndi kulowa pa intaneti. Zikakana pamenepo, funsani wodziwa musanapitirire.

Ulendo waciwiri

Wokonza wa ku Chipata anabwezeretsa Windows coyamba, cifukwa ikaikidwa pambuyo imakonda kuphimba GRUB. Kenako mnyamata wathu yemwe uja anaikanso Ubuntu, ife tili pomwepo. Mafailo amene tinali titalembanso tinawakopa pa mafulashi awiri, ndipo tinawatsegula pa kompyuta ina kuti titsimikize kuti alimodi. Malo a Linux tinawapatula tili mu Windows momwemo, pa Disk Management. Ubuntu 24.04 imafuna osacepera 25 GB, koma ife tinapatula 50 GB. Mzere uliwonse wa Cizungu unali kuwerengedwa mokweza ndi kumasuliridwa tisanakanikize batani.

Tinaphunziranso kuti kuika Linux pambali sikuciritsa Windows 10. Imakhalabe yopanda zigamba. Conco tinagwirizana kuti pa intaneti tizilowera mu Ubuntu, ndipo Windows ikhale ya kulemba ndi kupulinta cabe. Mlembi wayamba kuzolowera LibreOffice, imene imatsegula mafailo ambiri a Word ndi Excel, ndipo mwina m'tsogolo Windows sidzafunikanso.

Kwa akomiti anzathu tikuti, yambani mwafunsa ngati mufunikiradi zonse ziwiri. Ngati nchito yanu ndi kulemba makalata ndi kusunga maina, Linux yokha ingakwanire, ndipo mavuto ambiri amene tachulawa sadzakupezani. Ngati mufunabe zonse ziwiri, musacite pa nyengo yolembetsa feteleza kapena yogulitsa mbeu, pamene mndandanda ufunika tsiku lililonse. Amene wakuikirani aphunzitse munthu wina wokhala pamudzi, cifukwa ana a sukulu amabwerera ku tauni chuti ikatha. Mapasiwedi alembedwe ndi kusungidwa ndi anthu awiri a m'komiti.

Buku la msungicuma tinaligulira cikuto catsopano. Dzina lililonse limalembedwa m'buku coyamba, kenako pa kompyuta, ndipo mwezi ukatha mndandanda umapulintidwa ndi kusainidwa ndi wapampando. Amai aja amene anataya lisiti ndi amene amasunga kope yaciwiri ku nyumba kwao.