"Magadiyani Onse Panja": Zoyenera Kudziwa M'bale Wanu Akagonekedwa ndi Sitiroko

Mwezi wathawu mayi wina wa m'dera lathu anabwerako kuchipatala ndi amuna awo, atawagoneka pamatiresi kumbuyo kwa galimoto yahayala. Bambowo anagwa ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, mawu akungotuluka osamveka. M'wodi anakhalamo masiku 8. Nditapita kukazonda, ndinapeza mayiwo akuwamwetsa phala lamadzimadzi bambo ali chigonere chagada, supuni iliyonse akutsamwa ndi kutsokomola mpaka misozi. Ndinafunsa ngati kuchipatala anawaonetsa kadyetsedwe kake. Mayiwo anangotambasula manja. "Akanandionetsa ndani? Adokotala akamalowa, ife amatitulutsa." Patangotha milungu iwiri, bambo aja anabwereranso kuchipatala, ulendo uno ndi chibayo.

Papepala njira yake ndi yowongoka. Munthu akapotoka kamwa, dzanja kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, kapena lilime likalemera, mumathamanga naye kuchipatala chapafupi. Chikakhala chaching'ono chimamutumiza kuchipatala cha boma, ndipo zikavuta amapita ku chimodzi mwa zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central. M'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere, pomwe za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM zimalipiritsa. Tengani buku lake lakuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, ndipo kumbukirani nthawi imene anali bwinobwino komaliza. Za "amumenya hamala" mudzakambirana bwino pambuyo. Tsiku limene banja limathera kwa sing'anga kufufuza mwini hamalayo, ubongo wa wodwala umakhala ukuonongeka.

Sitiroko ili mitundu iwiri. Wina umabwera mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka, wina ukaphulika. Kunja zimaoneka zofanana, ndipo chosiyanitsa ndi makina a sikani. N'chifukwa chake musathamangire kumwetsa wodwala asipirini wapagolosale: pa mtsempha wotsekeka amathandiza, pa wophulika amawonjezera kukha kwa magazi. Vuto ndi lakuti makinawo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, ndipo mawu akuti "makina afa" tonse tinawamvapo. Mukauzidwa kuti mukajambulitse kuchipatala cholipira, funsani adokotala mosapita m'mbali ngati zotsatira zake zisinthe chithandizo, musanagulitse mbuzi. Ndipo wina akakunong'onezani pakhonde kuti atha "kufulumizitsa zinthu" mukamuganizira, dziwani kuti ndalama yopanda lisiti si ya chipatala.

Koma pamene zinthu zimaima kwenikweni si pasikani ayi. Ndi m'wodi.

Wodwala sitiroko amachira kapena kufa ndi chisamaliro cha maola onse: kumudyetsa, kumutembenuza, kumusambitsa, kumuchotsa zoipa. Imeneyi ndi ntchito ya unamwino. Koma m'mawodi athu namwino mmodzi kapena awiri amayang'anira mabedi ambirimbiri, odwala ena ali pansi. Akagawa mankhwala, kubaya jakisoni, kusintha madilipi ndi kulemba mafayilo, tsiku latha. Ntchito yotsalayo imagwera gadiyani, amene nthawi zambiri ndi mkazi wa wodwalayo, mwana wake wamkazi kapena mchemwali wake. Chipatala chimadalira munthu ameneyu kotheratu, komabe palibe ola loikika loti aphunzitsidwe. Choipitsitsa, nthawi yokhayo imene adokotala amaima pabedi n'kunena zofunika, ndi nthawi yomwe mawu aja amamveka kuchokera kukhomo: "Magadiyani onse panja!" Malangizo amalembedwa m'fayilo, m'Chingerezi chachidule cha achipatala, ndipo amene adzagwire ntchitoyo ali kuchitando akukoleza moto.

Kutulutsa anthu kuli ndi zifukwa zake, monga chinsinsi cha odwala ena ndi kuchepa kwa malo. Koma wodwala amene sangathe kulankhula sangadzifotokozere yekha. Choncho m'mawa, anthu asanayambe kutulutsidwa, pitani kwa namwino wamkulu wa wodiyo mukapemphe mwaulemu: "Anesi, odwala anga salankhula, ndimapempha ndikhalepo adokotala akamawaona." Ambiri amalola. Akakana, pemphani kuti akamaliza akufotokozereni zimene zanenedwa, ndipo dikirani pakhomo pomwepo. Pewani kufunsa nthawi yosinthana ntchito kapena yogawa mankhwala, chifukwa yankho la pamenepo ndi "tibwera", ndipo "tibwera" wa m'wodi amatha kufika mawa.

Funso loyamba, wodwala asanalawe kanthu kalikonse, ndi lakuti: kodi mwamuyesa kumeza? Sitiroko imafooketsa minofu yapakhosi, moti madzi kapena phala zimalowera kumapapo m'malo mwa m'mimba. Chibayo chimene chinabweza bambo aja kuchipatala chimayamba choncho. Namwino amamukhazika tsonga wodwalayo, n'kumupatsa madzi pang'ono pasupuni yaing'ono. Akatsokomola, akatsamwa, kapena mawu ake akamamveka ngati muli madzi pakhosi, ndiye kuti kudya kwapakamwa kuyambe kwaima. Apa ndi pamene amaika kapaipi kolowera m'mphuno kukafika m'mimba. Abale ambiri amakakana, ena amakasolola usiku, poganiza kuti paipi ndi chizindikiro chakuti munthu watsala madzi amodzi. Sichoncho. Ambiri amayambanso kumeza pakapita masiku kapena milungu, paipiyo n'kuchotsedwa. Wodwala akaloledwa kudya, azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, chakudya chofewa chogwirana, ndipo asagone mpaka patadutsa mphindi 30. Mukatha yang'anani m'kamwa, chifukwa chakudya chimabisala m'tsaya la mbali yakufayo.

Chachiwiri ndi kutembenuza. Munthu wosatha kudzisuntha azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, usiku womwe. Malo oyang'anitsitsa ndi pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene ndi mapewa. Mukaona khungu lasintha mtundu, latentha kapena lauma gwa, uzani namwino tsiku lomwelo, chifukwa chilonda cha pabedi chimayamba m'masiku ochepa koma kupola kwake ndi miyezi. Zofunda zikhale zouma ndi zosakwinyika. Pomudzutsa musamukoke dzanja lakufalo. Phewa lake lilibenso mphamvu yodzigwira, limaguluka, ndipo ululu wake umamulepheretsa mafizo m'tsogolo. Ligonekeni papilo kapena pachitenje chopinda. Pemphani namwino akuonetseni kamodzi ndi manja ake, kenako muchite inuyo iye akuona.

Pali zina zooneka ngati kunyalanyaza koma zili ndi chifukwa. M'masiku oyambirira adokotala nthawi zina satsitsa BP mofulumira, chifukwa ubongo wovulalawo ukufunabe magazi. Funsani, musangokwiya. Adzayezanso HIV komanso shuga, popeza shuga wotsika kwambiri amafanana ndi sitiroko. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre anaonetsa kuti BP ndiye gwero lalikulu la sitiroko kuno kwathu, ndipo HIV imawonjezera chiopsezo makamaka kwa achinyamata. Amene ali pa ma ARV asasiye kumwa. Ngati sangathe kumeza mapilitsi, achipatala adziwe msanga.

Zaulere zija zili ndi mtengo wake. Matewera a akuluakulu, magolovesi, sopo, beseni, pepala lapulasitiki loyala pamatiresi, mafuta odzola, nkhuni kapena makala akuchitando, chakudya cha gadiyani, zonsezi zimachokera m'thumba mwanu. Onjezanipo mankhwala amene mudzauzidwe kuti "atha, mukagule kufamase", ndi munda kapena geni imene yaima chifukwa mwini wake akugona pansi pa bedi. Banja ligawane masiku kuyambira pachiyambi. Koma mukamasinthana, wotulukayo aphunzitse wolowayo zonse, apo ayi luso lija limakwera minibasi limodzi ndi amene wapita kukapuma.

Pomwe anthu ambiri amagwera m'mbuna ndi tsiku lotuluka. Bedi likufunidwa ndi wina, mawu akuti "mwatulutsidwa" amabwera modzidzimutsa, ndipo banja limatanganidwa ndi kusaka galimoto. Musanamange katundu, onetsetsani kuti m'buku lakuchipatala mwalembedwa dzina la matenda, mankhwala ndi kamwedwe kake, ndi tsiku lobwera kukiliniki ya BP ndi shuga. Mankhwala a BP si a mwezi umodzi ayi. Wosiya chifukwa "akupezako bwino" akuitana sitiroko yachiwiri. Ngati wodwala akupita ndi paipi ya m'mphuno kapena ya mkodzo, funsani tsiku losintha ndi chipatala chimene chidzasinthe. Ndipo musatuluke a mafizo asanamuone. Nthawi zambiri iwo sangobwera okha, amadikira kuti adokotala alembe, ndipo adokotala otanganidwa amaiwala. Kumbutsani. Miyezi yoyambirira ndiyo imene thupi limabwezeretsa mphamvu kwambiri. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, kumene anthu amaphunzitsidwanso kukhala tsonga, kuima ndi kuyenda. Okhala kutali afunse komwe a mafizo amapezeka m'boma lawo, ndipo mukafika kumudzi dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu.

Mukabwezedwa popanda chifukwa, mukatukwanidwa kapena kuitanitsidwa ndalama, kodandaula kulipo. Zipatala za boma zili ndi Hospital Ombudsman, munthu amene ntchito yake ndi kumva madandaulo a odwala ndi abale awo. Nkhani ya khalidwe la namwino imapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ya dokotala ku Medical Council of Malawi. Lembani tsiku, nthawi ndi wodi, chifukwa dandaulo lakuti "amatizunza" lopanda tsiku limathera m'kabati. Pa mafunso azaumoyo muli kunyumba, Chipatala cha pa Foni chimayankha pa 929.

Ulendo wachiwiri uja mayi aja sanapite kuchitando nthawi ya adokotala. Anaima pakhomo la wodi, buku lili m'manja, mpaka namwino wina anawaitana n'kuwaonetsa kukhazika bambo tsonga, kuwatsamiritsa ndi mapilo ndi kuwapatsa phala lolimbirapo theka la supuni. Akuti phunziro lonselo silinathe ngakhale mphindi 10. Masiku 8 oyamba aja, mphindi zimenezi zinasowa.