Mbombwe: Chiyembekezo Chimene Chinapulumuka Usiku wa 23 Januwale 1915

Mbiri ya anthu imakonda kukumbukira masiku amene zinthu zinayenda monga mwa chikonzero, komabe nzeru zozama zimapezeka kawirikawiri pa masiku amene zokonzedwa zinasokonekera, chifukwa ndi pamene zimaoneka ngati cholinga cha anthu chinali ndi mizu kapena chinangotsamira pa mwayi wa tsiku limodzi. M'boma la Chiradzulu, malo otchedwa Mbombwe akusunga chitsanzo chachikulu cha nkhaniyi.

M'busa John Chilembwe, amene anapita ku America m'chaka cha 1897 pamodzi ndi Joseph Booth n'kukaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, anabwerera kwawo mu 1900 ndipo anakhazikitsa ku Mbombwe mishoni ya Providence Industrial Mission, yomwe anthu amangoitchula kuti PIM. Cholinga chake chinali kuphunzitsa Mawu a Mulungu pamodzi ndi kuwerenga, ulimi ndi ntchito zamanja, kuti munthu wakuda adziimire payekha. Chomwe chinkamuwawa mtima kwambiri chinali thangata, mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana pa ntchito koma atsamunda anawasandutsa dzina la ntchito yokakamiza imene anthu okhala m'minda ya azungu, monga ya A. L. Bruce ku Magomero, ankagwira ngati malipiro a malo. Nkhondo ya mu 1914 itayamba kumeza amuna a m'dziko muno pa mkangano umene sunali wawo, Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata yodandaula, koma boma silinamvere.

Choncho Chilembwe ndi otsatira ake anasankha usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 kukhala nthawi youkira atsamunda. Gulu lina linapita ku Magomero kumene linapha William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa mindayo, koma gulu limene linatumidwa ku sitolo ya Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti linadziwika msanga ndipo linabwerako ndi mfuti zochepa chabe, pamene gulu la Filipo Chinyama ku Ntcheu linabalalika lisanachite zomwe linapangana. Posakhalitsa asilikali a boma anafika ku Mbombwe n'kuphwasula ndi mabomba tchalitchi cha njerwa chimene akhristu anamanga ndi thukuta lawo, Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, otsatira ake ambiri anaphedwa ndipo ena anaponyedwa m'ndende. Madzi akatayika saoleka, ndipo magazi amene anakhetsedwa mbali zonse ziwiri sanabwerere m'mitsempha.

Phunziro la kupirira likuonekera bwino m'zaka zimene zinatsatira. Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa ku Chiradzulu amene anaphunzira pa PIM ali mnyamata n'kutsatira mphunzitsi wake Emma DeLany mpaka ku America, anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mu 1917. Pamene ankabwerera kwawo mu 1921 pamodzi ndi mkazi wake Flora, boma la atsamunda linawatsekera khomo poopa kuti adzutsanso moto wa Chilembwe, kotero kuti tsiku limene ankaliyembekezera kwa zaka zambiri linasanduka tsiku lobwezedwa panjira. Iwo sanataye mtima kapena kukhala manja lende, koma anakagwira ntchito ya uphunzitsi ku Liberia uku akupitiriza kupempha chilolezo, mpaka mu 1926 pamene analoledwa kutsegulanso mishoniyo patapita zaka 11 ili yotseka. Pamalopo panamangidwanso tchalitchi chachikulu, sukulu ndi chipatala, ndipo mpingowo unafalikira mpaka m'mayiko oyandikana nawo.

Kupirira kotereku, kumene akuluakulu amakufotokoza ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, sikutanthauza kukana kuti zinthu zalakwika, koma kudziwa kusiyanitsa njira ndi cholinga. Njira ya mikondo inatha m'masabata awiri, koma cholinga chakuti Mmalawi aphunzire, alemekezedwe ndiponso adzilamulire chinapitirira kudzera m'kalasi, m'chipatala ndi pa guwa, mpaka dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964.

Lero Amalawi amakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse, ndipo nkhope yake ili pa ndalama za K500 ndi K2,000. Komabe amene amasonkhana ku Mbombwe pa tsikuli amapemphera m'nyumba yomangidwa ndi anthu amene anapeza bwinja, n'kuyamba kuumbanso njerwa imodziimodzi. Wophunzira amene mayeso amukanika, mlimi amene mvula yamudukira chimanga chikumasula, ndi banja limene mwambo wake wasokonekera ali ndi cholowa pa bwinja limenelo, chifukwa likuchitira umboni kuti tsiku limodzi likhoza kugwetsa khoma koma silizula maziko.