Kagalimoto kadzimbiri: suzumirani kunsi musanatulutse ndalama

Mtengo wa hayala ukakwera, wamalonda aliyense wopikula katundu kutali amayamba kulota galimoto yakeyake. Wa tomato wa ku Jenda, wa mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, wa kabichi wa ku Lizulu, onse amadziwa kuti gawo lalikulu la phindu limatsalira kwa mwini galimoto. Zikatero diso limagwera pa timagalimoto takale tomwe tangokhala pamiyala kuseri kwa nyumba za anthu, matayala ataphwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Mtengo wake umakhala wotsika, ndipo mwini wake amanena zomwe onse amanena: injini ndi yabwinobwino, pangofunika batire.

Galimoto yotere ikhoza kukweza bizinesi yanu, ikhozanso kumeza mpamba wonse osayenda ngakhale tsiku limodzi. Chomwe chimalekanitsa ziwirizi si injini. Ndi mapepala ndi dzimbiri. Injini imabwera pachitatu.

Titenge chitsanzo cha Nissan 1400, kapikapu komwe ambiri amakatcha Champ. Mtundu umenewu unayamba mu 1971 ndi dzina la Datsun 1200, ndipo unapangidwa ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria m'dziko la South Africa, mpaka mu 2008 pomwe unalowedwa m'malo ndi NP200. Kamanyamula katundu wa pafupifupi theka la tani, injini yake ya A14 ndi ya kabuleta, ilibe kompyuta, ndipo makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi amaidziwa ngati chikhatho chake. Koma kumbukirani kuti ngakhale komaliza kupangidwa kadutsa zaka 15. Zomwe tinene pano zikukhudzanso Datsun 120Y, Toyota Corolla zakale ndi tina totero.

Yambani ndi mapepala

Musanatsegule n'komwe boneti, pemphani blue book. Yerekezani nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwa m'menemo ndi zomwe zadindidwa pa galimotoyo, chilembo ndi chilembo. Nambala ikaoneka yopalidwa, yowotchereredwa kapena yodyeka ndi dzimbiri moti siikuwerengeka, imani kaye. Pitani nazo kupolisi akatsimikize kuti galimotoyo si yakuba, komanso ku ofesi ya Road Traffic mukafunse ngati ili m'kaundula wawo, dzina lomwe lilipo ndi la yani, ndiponso ndalama zingati zomwe zidzafunike kuti isinthidwe umwini. Ngati ili ndi nambala ya kunja, nkhani ya msonkho wa MRA ikudikirani.

Magalimoto ambiri ongokhala ndi a chuma cha masiye. Bambo anamwalira, galimoto inaima, ndipo amene akukugulitsaniyo ndi mwana mmodzi mwa asanu, kapena mlamu. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, choncho wogulitsa akuonetseni chikalata chomupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho. Popanda chimenecho, achibale akhoza kudzaitenga mutaikonza kale, penti ali wonyezimira. Mgwirizano wogulitsana ulembedwe, mboni zisainire, ndipo mutenge kope la chiphaso cha unzika cha wogulitsayo.

Dzimbiri lili mitundu itatu

Nissan 1400 ilibe chasisi yapayokha ngati ya lole. Bodi yake ndiyo mafupa ake, ndipo masipuling'i, mashoko ndi injini zonse zimagwira pa chitsulo cha bodiyo. Chitsulocho chikaola, palibe pomangirira chilichonse.

Pali dzimbiri la pamwamba, lofiirira ngati dothi la katondo, lomwe limachoka ndi sandipepa n'kusiya chitsulo cholimba. Limeneli lisakuopseni, ndipo ndi lomwe mungatsitsire nalo mtengo. Pali dzimbiri la matuza, pomwe penti watupa ngati khungu lopsa ndi moto. Limeneli lachokera m'kati, ndipo bowo lomwe mudzalipeze mukapala limakhala lalikulu kuposa thuza lomwe mukuliona. Lachitatu ndi loboola, pomwe chitsulo chimayoyoka mukachikhudza.

Pitani masana, osati madzulo kapena mvula ikugwa. Tengani tochi, sikuludiraiva, kanyundo kakang'ono, maginito, jeke ndi chiguduli chogonapo. Tengani mmisiri wowotcherera wosankha nokha, osati mnzake wa wogulitsa. Chotsani makapeti ndi mipando mubaye pansi pomwe pamaponda mapazi. Bayaninso chitsulo cha m'munsi mwa zitseko, pansi pa batire pomwe asidi amadontherapo, m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, m'kati mwa madigadi momwe matope amakhazikika, ndi pomwe masipuling'i akumbuyo amagwira. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee mukachigogoda, choola chimangoti phu.

Kumbuyo konyamulira katundu kumanena mbiri ya galimoto. Yomwe inkanyamula feteleza, mchere kapena nsomba zaziwisi imadyeka msanga, chifukwa mchere ukakumana ndi chinyezi umafulumizitsa dzimbiri. Yomwe yakhala pansi pa mtengo wa mango imaola m'ngalande zake momwe masamba amasunga madzi. Yomwe yakhala pa udzu imaolera kunsi pamwamba pakuoneka bwino.

Maginito ndi oyesera chinyengo. Akulungeni m'kansalu n'kuwayendetsa pa bodi. Pomwe sakugwira pali fila wochindikala wobisa bowo kapena malo omwe anagundidwa. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo galimoto yakale yopoperedwa penti posachedwapa ndi yofunika kuikayikira kuposa yosuluka.

Pali zizindikiro zomwe mukaziona mungotsanzika. Ngati dzimbiri laboola pomwe masipuling'i kapena mashoko amagwira, ngati zitseko zikukana kutseka mukaikweza pa jeke, kapena ngati mbali imodzi yatsika pamalo athyathyathya, bodiyo yapindika. Imeneyo igulidwe ngati nkhokwe ya masipeyala, pamtengo wosatalikirana ndi wa ogula zitsulo zakale, omwe amayeza pa sikelo.

Kenako injini

Musalole kuti ailize ndi batire lobwereka pofuna kukusangalatsani. Petulo wokhalitsa amasanduka phula lotseka kabuleta, ndipo injini yomwe yakhala zaka imakhala youma m'kati. Solotsani kachitsulo koyezera oyilo. Akakhala wakuda palibe vuto, koma akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi analowa. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowomo, kenako makaniko azungulize injiniyo ndi sipanala. Ikazungulira, pali chiyembekezo. Ikakana, yagwirana, ndipo muwerengere mtengo woiphwasula kapena wogula ina. Yang'ananinso mawaya, poti makoswe amakonda kumanga zisa kuseri kwa dashibodi.

Chifukwa chomwe injini ikubwerera pambuyo ndi ichi: injini yakufa imamasulidwa ndi mabawuti n'kuikapo ina, ndipo mtengo wake mukhoza kuudziwa lero lomwe pofunsa m'mashopu. Mtengo wa dzimbiri umadziwika pokhapokha mmisiri atayamba kudula. Mukasintha injini, musaiwale kukalembetsa nambala yatsopanoyo ku Road Traffic.

Kuisamutsa

Ambiri amafuna kupulumutsa ndalama poikoka ndi chingwe. Pa galimoto yomwe yakhala zaka, kumeneko n'kuika moyo pachiswe. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, timapaipi timachita dzimbiri, timalabala timauma. Wokoka akaponda buleki pamtsetse, wa kumbuyo alibe choimira. Matayala nawo amang'aluka m'mbali ndipo amaphulika akangotenthedwa. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa: 2312 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2012.

Njira yabwino ndi kuikweza pa galimoto yonyamula zinzake kapena pa lole. Nissan 1400 siifika tani imodzi, choncho lole ya matani atatu ikwanira malinga m'mbuyo mwake mukhale motalika mokwanira. Yezani ndi tepi musanagwirizane. Funsani malole omwe akubwerera opanda katundu, chifukwa amenewo amalola mtengo wotsika. Kumudzi komwe kulibe chokwezera, lole imabwerera chambuyo n'kutsamira pa chulu kapena pa gombe la msewu, galimotoyo n'kukankhidwira pa matabwa ochindikala. Pasakhale munthu kumbuyo kwake kapena kunsi pokankhapo.

Tsiku lonyamula lisanafike, popani matayala kapena bwerekani ena, ndipo onetsetsani kuti mawilo onse anayi akuzungulira. Akumbuyo amakonda kugwirana ngati handibuleki inasiyidwa yokoka, ndipo kugogoda ndi nyundo pa chitsulo chozungulira cha buleki nthawi zambiri kumawamasula. Kiyi akhalepo kuti chiwongolero chisakhomeke. Mangani ngodya zonse zinayi pa mawilo kapena pa ekiselo, osati pa bampala, ikani zipika ku matayala, ndipo muime mutayenda pang'ono kuti mukungenso zingwe. Boneti yadzimbiri imangidwe payokha, mphepo ingaitukule.

Ngati mtunda ndi waufupi ndipo simungachitire mwina, kokani ndi chitsulo cholimba m'malo mwa chingwe, masana, pang'onopang'ono, giya ili pa fili. Njira iliyonse yomwe mwasankha, blue book ndi kalata yogulitsana zikhale m'thumba mwanu, poti pa rodibuloko adzazifuna.

Ndondomeko yokonzera

Ndalama zambiri zimatayika chifukwa choyambira kumapeto. Munthu amagula wailesi ndi penti pansi pa mipando pali pobooka. Yambani ndi chitsulo, kenako mabuleki ndi chiwongolero, kenako injini ndi giyabokosi, kenako magetsi. Penti ndi mipando zikhale zomaliza.

Asanayatse moto wowotcherera, thanki ya petulo ichotsedwe ndi kuikidwa kutali, batire limasulidwe. Thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa mpweya wotsalamo ndi womwe umaphulika. Dzimbiri lidulidwe mpaka pomwe chitsulo chikuwala, chigamba chilowe m'malo mwake. Mmisiri wongophimba chigamba pamwamba pa dzimbiri wakugulitsani vuto lomwe lidzabwerere dzinja likubwerali. Kanani zigamba za malata ofolerera nyumba: ndi opyapyala, ndipo utsi wake powotcherera umadwalitsa. Funsaninso makina omwe agwiritse ntchito. Owotcherera mafelemu a mawindo ndi zitseko amaboola chitsulo chopyapyala cha galimoto. Chimafuna gasi kapena makina a MIG. Powotchereredwa papakidwe penti woteteza ku dzimbiri mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo, ndipo fila akhale wongosalazira.

Pa mabuleki musanyengerere. Timapaipi ta labala, timalabala ta m'kati ndi mafuta zonse zikhale zatsopano. Thanki itsukidwe, rediyeta iyesedwe ngati siikudontha, oyilo ndi mafyuluta zisinthidwe injini isanalizidwe koyamba.

Kusamala thumba

Tengani kope mulembe mizere isanu: mtengo wogulira, wonyamulira, wa amisiri, wa masipeyala, ndi wa mapepala, kuphatikizapo kusintha umwini, inshulansi ndi COF. Pa mzere uliwonse funsani malo atatu. Mukaphatikiza, onjezerani gawo limodzi mwa magawo atatu la zomwe zidzatulukire akayamba kuphwasula. Masipeyala ambiri atsopano a Nissan 1400 amachokera ku South Africa, ndiye mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Amene anali pakati pokonza galimoto mu November 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, akudziwa momwe bajeti imasungunukira. Mukayamba, gulani msanga zinthu zikuluzikulu zochokera kunja.

Chiwerengero chomalizacho chiyerekezeni ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtengo wa galimoto yomweyo yoyenda kale, ya mapepala ake onse. Ngati zikufanana, gulani yoyendayo. Chachiwiri ndi ndalama zomwe mumalipira hayala pamwezi, mutachotsapo za petulo, dalaivala ndi zokonzetsa, poti galimoto ya kabuleta imamwa kuposa zamakono. Zotsalazo ndizo zikuuzeni miyezi yomwe idzadutse ndalama yanu isanabwerere.

Amisiri alipidwe pagawopagawo, gawo likatha ndipo mwaliona ndi maso anu. Masipeyala kaguleni nokha limodzi ndi makaniko, ndipo akale akubwezereni. Jambulani galimoto yonse pafoni tsiku lomwe ikulowa m'galaji, mulembe zomwe zilimo, chifukwa galimoto yokhalitsa pagalaji imasanduka shopu ya masipeyala a anthu ena. Gwirizanani tsiku lomaliza, moganizira kuti magetsi akathima owotcherera sagwira ntchito.

Chachikulu pa zonse, ndalama yokonzera isachoke mumpamba, ndipo isakhale ya katapila kapena ngongole ya banki m'khonde yofuna kubweza mwezi wamawa. Galimoto ili pamiyala siibweretsa kanthu, pamene chiwongoladzanja sichidikira mmisiri. Ngati mulibe ndalama yapadera yofikitsa galimotoyo pa COF, pitirizani kulipira hayala uku mukusunga. Timagalimoto tadzimbiri sitithawa, ndipo kena kadzapezeka ndalama yanu ikadzakwana.