Malipiro akukwera, nanga bwanji thumba la ufa silikufika pakutha pa mwezi?

Funso limeneli timalimva kawirikawiri m'miphakati ya ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Yankho lake nlakuti malipiro ali pawiri. Pali nambala imene imalembedwa pa pepala, ndipo pali katundu amene ndalamazo zingathe kugula pa msika. Nambala ija ikhoza kukwera pamene mphamvu yake yogulira zinthu ikutsika.

Tiyeni tione malipiro otsikitsitsa amene boma limakhazikitsa. Mu Januwale 2021 anafika pa K50,000 pa mwezi, ndipo anakhala pomwepo kwa zaka zitatu. M'zaka zomwezo ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu kawiri: ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu Febuluwale 2024 malipirowo anakwezedwa kufika pa K90,000. Pongomva, kumeneku kunali kukwera kwakukulu. Komatu K50,000 ya kumayambiriro kwa 2021 inali yofanana ndi madola a ku America opitirira 60, pamene K90,000 ya 2024 inangokwana madola pafupifupi 53. Popeza mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala timagula kunja, kugwa kwa kwacha kunafika mpaka pa mtengo wa minibasi, wa sopo ndi wa chimanga.

Vuto limeneli siligwera onse mofanana. Mlonda, wantchito wa m'nyumba kapena wa maganyu amathera pafupifupi ndalama zake zonse pa chakudya, lendi ndi makala, ndipo chakudya ndicho chinakwera kwambiri kuposa zinthu zina m'zaka za 2023 ndi 2024. Alibe poti nkuchepetsa koma pa mbale ya ana. Ndi chifukwa chake ambiri amagula ufa wa m'timapepala wongokwana tsiku limodzi, amayenda pansi kupita ku ntchito ku Makata kapena ku Limbe, ndipo mwezi usanathe amagwa m'manja mwa akatapila. Koma munthu amene ali ndi nyumba zochititsa lendi, malo kapena golosale amakweza mitengo yake mogwirizana ndi nyengo, chuma chake nkumakulabe. Motero kukwera kwa mitengo kumasamutsa chuma mwakachetechete kuchoka kwa osauka kupita kwa amene ali nacho kale.

Kusiyana kumeneku kunayamba kalekale. Lipoti la bungwe la Oxfam la m'chaka cha 2015 linapeza kuti mu 2004, gawo limodzi mwa magawo khumi a Amalawi, la olemera kwambiri, linkagwiritsa ntchito chuma chochuluka ka 22 kuposa gawo la osaukitsitsa. Pofika 2011 chiwerengerocho chinali chitafika pa 34. Amene amaona nyumba za ku Nyambadwe ali chiimire ku Ndirande sasowa womumasulira manambala amenewa.

Aepiskopi athu anadandaula kale za mpata wa pakati pa olemera ndi osauka komanso za malipiro ochepa m'kalata yawo ya pa 8 Marichi 1992, ndipo mu Meyi chaka chomwecho antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Blantyre ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Kale mu 1891 Papa Leo XIII anaphunzitsa kuti malipiro achilungamo ndi amene akwanira kusunga wantchito mwaulemu. Pa chifukwa chomwechi, bungwe la Centre for Social Concern la ku Kanengo linayamba kuwerengera mwezi ndi mwezi ndalama zimene banja la anthu 6 la m'tauni limafuna kuti lipeze zofunika pa moyo.

Muyeso umenewu ndi umene tiyenera kugwiritsa ntchito. Ambiri mwa ife, ngakhale maparishi athu, tili ndi antchito: mlonda, wosamala ana, wolima m'dimba. Tisanadzitame kuti tawakwezera, tiyambe tadzifunsa kuti ndalamazo zigula matumba angati a chimanga poyerekeza ndi chaka chatha.