Chifukwa Chake Nsomba Ibanika Ili M'madzi

Ana a m'mbali mwa nyanja ku Salima adziwa kuti nsomba ikavuulidwa ifa. Chimene ambiri sachidziwa nchakuti nsomba ikhoza kubanika ili m'madzi odzaza. Mphunzitsi wosunga nsomba m'thanki yagalasi ayenera kumvetsa chinthu ichi. Akapanda kutero, tsiku lina adzapeza mbuna zake zitayandama chagada, nasowa choyankha ana.

Nsomba sipuma madzi ayi, koma mpweya wa okosijeni umene usungunuka m'madzimo monga mchere usungunuka m'ndiwo. Ilowetsa madzi pakamwa niwatulutsa pa makha, ndipo mwazi woyenda m'timitsempha ta makhawo utenga okosijeni. Koma mpweyawu ngwochepa m'madzi. Lita imodzi ya madzi ofunda madigiri 25 isunga mamiligalamu 8 okha, pamene lita ya mpweya umene munthu apuma ili ndi okosijeni wochuluka kuposa pamenepo ka 30.

Nyanja ya Malawi ionetsa zimenezi poyera. Mafunde a mwera avundula madzi a pamwamba nawapatsa mpweya, ndipo mmenemo ndimo mukhala chambo, utaka ndi usipa. Koma ngakhale nyanjayi izama mamita 700 pamalo pena, kunsi kwa mamita 250 kulibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako.

M'thanki mulibe mafunde, ndipo zinthu zinayi zitha mpweya. Choyamba ndicho kutentha: madzi ofunda asunga okosijeni wochepa, chonsecho thupi la nsomba likafunda lifuna wambiri. Chachiwiri ndicho kuchuluka kwa nsomba m'malo opanikiza. Chachitatu ndicho gaga kapena nsima yotsala pansi, pakuti tizilombo tosaoneka timene tioletsa chakudyacho tipumanso mpweya womwewo. Chachinayi ndizo zomera za m'madzi, zimene zipatsa okosijeni dzuwa likawala, koma usiku ziutenga. Nchifukwa chake nsomba zambiri zifa m'bandakucha.

Mpweya ukayamba kuchepa, nsomba itsegula ndi kutseka makha mofulumira kuti madzi ambiri apitepo. Kenaka ileka kudya, nikwera pamwamba, kukamwa kuli yasa. Ana aganiza kuti ipempha chakudya, koma ifuna madzi a pamwamba penipeni, amene akhudzana ndi mpweya wa kunja. Kuiponyera gaga pa nthawi yotere ndiko kufulumiza imfa yake. Mlamba ndiwo usiyana ndi zinzake, pakuti pamwamba pa makha ake pali chiwalo chonga kamtengo kanthambi, chimene upumira mpweya wa kunja. Kotero ukhalabe moyo m'zithaphwi za m'dambo m'mwezi wa Okutobala.

Otumiza nsomba kunja adziwa bwino malamulo awa. Ku Kambiri, pafupi ndi Senga Bay, kumene Stuart Grant ankatumiza mbuna ku Ulaya, nsomba za paulendo ziikidwa m'matumba a madzi pang'ono, ndipo malo otsalawo adzazamo okosijeni.

Mphunzitsi alibe zipangizo zotere, koma sasowa chochita. Asankhe chotengera chotakasuka kukamwa, osati botolo, achiike pamthunzi, asungemo nsomba zochepa, nazipatsa chakudya chimene zitha msanga. Akaona makha afulumira, achotseko madzi ena ndi kuthira atsopano a kunyanja kuchokera m'mwamba kuti achite thovu.

Pomwepa pali phunziro labwino. Ana awerenge kuti nsomba itsegula makha kangati pa mphindi imodzi m'mawa, awerengenso masana kutatentha, ndiponso madzi atsopano atathiridwa, nalembe zonse m'makope. Mphunzitsi asawauziretu yankho; awafunse chimene manambalawo asiyanira, ndipo iwo eni adzalipeza.