Kodi Mbululu Zimamudziwa Bwanji Mdani Zisanamuone?

Mvula ikagwa, madamu athu a nsomba amadzaza mbululu, ana a achule aja. Mukaziyang'ana bwino, nthawi zina zonse zimangoti zii pansi pamatope, pomwe ife sitikuona chilichonse. Madzi ndi odetsedwa, maso ake ndi ofooka. Nanga zadziwa bwanji kuti pali mdani?

Yankho ndi fungo. Chilombo chilichonse cha m'madzi, kaya mlamba kaya mwana wa tombolombo, chimasiya fungo lochokera pakhungu ndi m'ndowe zake. Fungo la adani ena mbululu zimabadwa zikulidziwa kale, koma la ena zimachita kuphunzira.

Kuphunzirako kumayenda motere. Mbululu ikalumidwa, khungu lake long'ambika limatulutsa timadzi tochenjeza zinzake. Timadziti tikafika pamodzi ndi fungo lachilendo, zotsalazo zimagwirizanitsa ziwirizi: mwini fungoli ndiye wapha mnzathu. Kamodzi kokha nkokwanira. Tsiku lina fungolo likabwera palokha, zimabisala. Ofufuza ku North America anaona kuti achule ena amaphunzira izi akadali m'dzira. Koma mbululu zikazolowera fungo lina popanda choipa chochitika, zimavuta kuliopa pambuyo pake. Ngakhale ndowe zimaulula: mdani amene wadya mbululu amaopedwa kuposa amene wadya zina.

Zikamva fungo zimachepetsa kusambira, chifukwa mwana wa tombolombo amagwira chimene chikuyenda. Mitundu ina imamera mchira waukulu, ina mpaka wofiirira, kuti mdani alume kumchira osati kumutu. Komatu mantha ali ndi mtengo wake: yobisala siidya mokwanira, ndiye imakula mochedwa. Subhanallah! Kanthu kopanda mayi woti akalangize, Allah anakapatsa njira yake yophunzirira.

Mwina mukuti, a Shehe, za achule zitithandiza chiyani? Nsomba nazo zili chimodzimodzi. Mu 1938, Karl von Frisch wa ku Austria anazindikira kuti kansomba kakavulala, zinzake zimabalalika chifukwa cha timadzi ta pakhungu lake. Choncho mbewu ya nsomba yoleredwa m'thanki, yomwe sinakumanepo ndi mdani, imalowa m'damu ili mbuli. Tisanaithire, tichotse milamba yotsalira, ndipo tisiye udzu pang'ono m'mbali poti ibisalemo. Tidziwenso kuti nsomba zokhala mwamantha sizidya bwino. Madeya athu amangopita pachabe.

Chinanso ndi mankhwala. Kopa, amene amapezeka m'mankhwala ena opopera tomato, amaononga kanunkhizidwe ka nsomba ngakhale atachepa. Nsomba siifa pomwepo ayi, koma imasiya kumva chenjezo, basi mdani nkuidya. Tisatsukire mpope wathu mumtsinje kapena pafupi ndi damu. Madziwo ndi omwenso anzathu akumunsi amamwa ndi kupangira wudhu.

Nzoona mbululu zikachuluka zimalimbirana chakudya ndi tiana ta nsomba. Koma tikumbuke kuti Mtumiki (SAW) analetsa kupha chule pamene sing'anga anafunsa zomuika m'mankhwala. Tiziwole ndi kaukonde, tikazithire kudambo kutali ndi damu, ndipo titchinge polowera madzi ndi sefa. Zikakula zidzatidyera tizilombo m'dimba, insha Allah.

Wabillahi tawfiq.